Kampani ya kanema imene inagwa pamodzi ndi pusi wake

Tsiku lina ndinakwera padenga kukapotoza eriyo ya dikoda yathu, mng'ono wanga ali pansi kukuwa kuti "yabwera, yapitanso, musagwedeze achimwene!" Ndili pamwambapo ndinakumbukira nkhani ya ONdigital ya ku Britain. Ndimaikonda chifukwa imandikumbutsa kuti zithunzi zouma pakati pa mpira sizinayambire kwathu kuno.

Mu 1997 bungwe loyang'anira kanema ku Britain, la ITC, linapereka chiphaso choyendetsera kanema wolipira wa dijito wodzera pa eriyo wamba, osati pa dishi. Omwe anachifunsira anali makampani atatu ogwirizana: Carlton, Granada ndi BSkyB. Koma BSkyB inali kale mfumu ya kanema wa pa dishi. Oyang'anira anaona kuti ikagwiranso za pa eriyo, msika wonse ukhala m'manja amodzi, ndiye anati chiphaso chituluka pokhapokha BSkyB itachokamo. Inachokadi.

Apa mpamene panagona nkhani. Mpira wa Premier League, womwe anthu amalolera kuutulutsira ndalama, unatsala kwa Sky. Choncho ONdigital itayamba pa 15 November 1998, inkagula matchanelo a masewero kwa mdani wake yemweyo. Tangoganizani, muli ndi okala, koma katundu wanu yense mukupikula kwa neba amene mukulimbirana naye makasitomala.

Mavuto ena anali a makina. Mphamvu ya siginolo inali yochepa, chithunzi chinkauma kapena kuthawa m'madera ambiri. Akathyali anayamba kugulitsa makadi achinyengo, anthu n'kumaonera ulere. Mu 1999 Sky inayamba kugawa madikoda kwaulere, ndipo ONdigital, yomwe yake inkagulitsa pafupifupi mapaundi 200, inakakamizika kutsatira.

Pofuna mpira wawowawo, mu 2000 anasainirana ndi Football League mgwirizano wa mapaundi 315 miliyoni wa zaka zitatu. Koma aise, awa sanali Manchester United kapena Arsenal. Anali matimu 72 a m'magawo a pansi pa Premier League, ndipo owonera sanachuluke monga ankayembekezera. Mu 2001 anasintha dzina kukhala ITV Digital, n'kubweretsa chidole cha pusi cholukidwa ndi ulusi kuti chiziwatsatsira malonda. Anthu anakonda pusiyo kuposa kanemayo. Akuluakulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Pa 27 March 2002 kampaniyo inavomereza kuti ngongole zaikulira, ndipo pa 1 May matchanelo olipira anazima. Inatsala ndi ngongole ya mapaundi oposa 178 miliyoni kwa matimu aja. Football League inasumira Carlton ndi Granada, koma inagonja kukhoti chifukwa mu mgwirizano munalibe pomwe eni akewo analemba kuti adzalipira kampani yawo ikadzalephera. Matimu ena anali atalemba kale osewera podalira ndalama zimenezo, ndipo angapo anamira mu ngongole.

Chimene chimandiseketsa ndi ichi: pa 30 October 2002, pa mafunde omwewo panayamba Freeview, kanema waulere, ndipo eni ake anali BBC, Crown Castle ndi BSkyB. Yemwe anamutulutsa pakhomo mu 1997 analowanso, wopikisana naye ataikidwa kale m'manda.

Kodi oyang'anira analakwitsa? Ine ndimati cholinga chinali chabwino, koma anagawa msewu n'kusiya katundu kwa munthu mmodzi. Mpikisano wa kanema wolipira sugona pa milongoti ayi, ugona pa amene wagwira zimene anthu akufuna kuonera.

Kwathu kuno TVM inayamba mu 1999, ONdigital ikadali khanda. Lero pa eriyo tili ndi GOtv ndi Kiliye Kiliye, ndipo woyang'anira ndi MACRA. Mu August 2023 MultiChoice inalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi itasemphana ndi MACRA pa nkhani yokweza mitengo, ndipo inabwerera khoti litagamula. Masiku amenewo ambirife tinadzifunsa funso lomwe ku Britain anakumana nalo: mpira umene timaukonda ukakhala kwa mmodzi, woyang'anira angamuuze chiyani? Akamufinya kwambiri achoka, akamulekerera thumba lathu libooka.

Ndinatsika padenga paja chithunzi chitakhazikika. Mng'ono wanga anafunsa chomwe ndimaseka ndekha. Ndinamuuza kuti ndi nkhani ya pusi, koma kaye ationere kuti mwezi uno tilipira zingati.