Ulendo wa Liu Lakuti "Press" Kufikira ku Mzimba

Mwana wa sukulu ku Embangweni akafunsa tanthauzo la liu la Cingerezi lakuti press, mphunzitsi asafulumire kuyankha, pakuti liu limeneli likunga mlendo amene anafika ndi kamtolo kamodzi, koma lero ali ndi nyumba m'midzi yambiri. Tsinde lace ndi limodzi, ndilo kupanikiza cinthu ndi mphamvu. Mai wosita malaya ndi simbi ya makala, munthu wofinya mafuta a mtedza, ndi mlimi wodinda fodya m'jeke, onsewa Mngerezi awaphimba ndi liu lomweli.

Ca m'ma 1450, Johannes Gutenberg wa ku Mainz anatengera nzeru ya makina ofinyira mphesa, napanga cipangizo copanikizira pepala pa malemba acitsulo opakidwa inki. Dzina la cipangizoco linasamukira pa nyumba yosindikiziramo, pambuyo pace pa manyuzi oturuka m'menemo, potsiriza pa anthu owalemba.

Ku dziko la Inkosi ya Makosi M'mbelwa tanthauzo limeneli linafika ndi amishoni. Dr. Robert Laws atakhazikitsa Livingstonia pa phiri la Khondowe m'caka ca 1894, anyamata anayamba kuphunzira kumeneko nchito yosindikiza, ndipo mu 1897 kunaturuka nyuzi ya mishoni, The Aurora. Pamene Donald Fraser anacoka ku Hora mu 1902 kukamanga Loudon, ndiye Embangweni, masukulu a m'midzi ya kumwera kwa Mzimba anadalira mabuku osindikizidwa ku phiriko, amene amtengatenga anawasenza pamutu ulendo wa masiku ambiri. Fraser analimbikitsa Angoni kupeka nyimbo za Mulungu pa maimbidwe a makolo ao. Mawelera Tembo anali mmodzi wa opeka omveka, ndipo nyimbo zotere zinalowa m'buku. Komabe makina sacitira zinenero zonse mofanana. Mabuku ambiri a sukulu anali a Citumbuka, motero Cingoni, cimene cinali citayamba kale kuzirala m'makomo, sicinapeze mcirikizo wokwanira pa pepala.

Tanthauzo lodabwitsa koposa linabadwira m'dziko lino lomwe. Mu 1959 Aleke Banda anayambitsa Malawi News, nyuzi ya cipani ca Malawi Congress, ndipo pambuyo pace kunakhazikitsidwa kampani yoisindikiza, Malawi Press. Kampaniyo inakula niyamba malonda osakhudzana konse ndi inki. Mu 1969 inasanduka Press Holdings, imene pafupifupi yonse inali m'dzanja la Dr. Kamuzu Banda. Inatsegula minda yaikuru ya fodya, makamaka ku Kasungu, kumalire a kumwera kwa Mzimba, ndi masitolo a PTC m'maboma ambiri. Tsono mnyamata wa ku Jenda akanena kuti wapeza nchito ku Press, panalibe woganiza kuti akalemba nkhani; onse anadziwa kuti apita ku fodya. Ndipo atafika kumeneko anapeza jeke yodindira mabelo, ndiyo press yeniyeni monga mwa tanthauzo loyamba lija, ngakhale iye sanadziwe kuti dzina la kampani ndi la cipangizoco m'Cingerezi ndi limodzi.

Zaka zomwezo Press ya malonda ili kunenepa, press ya olemba nkhani inali kupanikizidwa. Lamulo la mu 1968 linapatsa boma mphamvu yoletsa mabuku ndi zolembedwa zina, ndipo olemba nkhani ena anaponyedwa m'ndende popanda kuzengedwa mlandu. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula ulamuliro inawerengedwa m'machalichi, ndipo posacedwa nyumba ya Ansembe a Montfort ku Balaka, kumene inasindikizidwa, inatenthedwa ndi moto. Ootcawo anadziwa bwino kuti mwa ma press onse a m'dziko, woopsa kwa wolamulira ndi uti.

Ulamuliro wa cipani cimodzi utatha mu 1994, Nyumba ya Malamulo inakonzanso Press Trust mu 1995 kuti cuma cace cithandize mtundu wonse. Dzina lokha silinasinthe, ndipo likali kusokoneza ana a sukulu amene aliona pa cikwangwani ca kampani yosasindikiza nyuzi iri yonse.