Akadula kanyama m'bere kuti akapime: zomwe zimachitika mukabwerera kunyumba

Nditapeza kotupa kolimba m'bere lakumanzere, anzanga a ku Ulongwe anandiopseza kuti ndikalola kubaya, matenda afalikira thupi lonse. Ndinatha miyezi itatu ndikubisa. Tsopano ndinadutsamo, ndiye mvetserani.

Madokotala amautchula mpimowu kuti biopsy. Amabaya jekiseni yochititsa dzanzi, n'kutenga kanyama kakang'ono ndi singano, kapena kung'amba pang'ono n'kusoka. Si kuchotsa bere ayi, ndipo sikufalitsa khansa. Zotupa zambiri za m'bere sizikhala khansa, koma popanda kupima palibe angadziwe. Ife a kuno timayambira pa chipatala chaching'ono, kenako cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, ndipo kukafunika amatitumiza ku Zomba Central kapena ku Queens ku Blantyre.

Dzanzi linanditha patangopita maola ochepa. Pamalopo panawawa masiku atatu, panatupa pang'ono, khungu linada ngati ndamenyedwa. Zimenezi n'zachizolowezi, ndipo kudako kumatha pa sabata imodzi kapena ziwiri.

Zomwe anandilangiza: bandeji isanyowe kwa maola 24 mpaka 48. Ululu ukavuta, imwani Panado, osati asipirini, chifukwa amachititsa kuti magazi asaundane msanga. Valani bra yogwira bwino, ngakhale pogona. Pofuna kuchepetsa kutupa, ine ndinkakulunga filizesi m'kansalu n'kuika pamwamba pa bandeji mphindi 10. Kusenza ndowa ku mjigo, kusinja ndi kulima, siyirani ena masiku awiri. Ngati anakusokani, dikirani mpaka adokotala anene. Kabaza pa msewu wa mabampu, aaa, ndinayesa tsiku lomwelo, ndinalapa. Osapaka zitsamba, phulusa kapena Colgate pabalapo.

Bwererani kuchipatala tsiku lomwelo ngati magazi sakuleka mutapsinja ndi nsalu yoyera mphindi 15, bere likutupirabe, pabala patentha kapena pakutuluka mafinya, kapenanso thupi latentha. Kuno tinazolowera kuti thupi likatentha ndi malungo basi, koma auzeni a chipatala kuti munabayidwa kubere. Ngati mukuyamwitsa kapena mumamwa mankhwala ena tsiku ndi tsiku, nenani asanayambe.

Kunena zoona, bala silinandivute ngati kudikira. Kanyamako kamapita ku labu ya ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo zotsatira zimatha kutenga masabata angapo. Musanachoke, funsani tsiku lobwerera, alembe m'buku lanu la kuchipatala, musiyenso nambala ya foni yomwe imagwira. Bala likapola musaganize kuti nkhani yatha. Ena salondola zotsatira chifukwa cha mantha kapena thiransipoti, n'kudzabwera matenda atakula, pomwe khansa ya m'bere ikapezeka msanga imachizika.

Zanga zinatuluka kuti si khansa. Koma miyezi itatu ija imandiwawabe, chifukwa zikanakhala zina, ndikanadzichedwetsa ndekha. Achemwali, mukamva kotupa, pitani sabata yomweyo. Nanunso achimwene, matendawa amagwiranso amuna, ngakhale si kawirikawiri.