Owerengera matenda: kuyambira kunyanja mpaka ku Bangkok

Anthu a m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota safuna wowauza za kashembe, ntchentche yofalitsa kaodzera. Boma la Nkhotakota, pamodzi ndi la Rumphi, ndi kumene matendawa akhala akuvuta kwambiri m'dziko muno. Koma kuti boma lidziwe kukula kwa vutolo, pamafunika anthu owerengera.

Oyamba anali azungu. Pakati pa 1911 ndi 1914, gulu la Royal Society lotsogozedwa ndi David Bruce linafufuza kaodzera m'chigwa cha nyanja, kumwera kwa Nkhotakota. Linkagwira akashembe, kupima magazi a nyama zakutchire, n'kulemba kuti mwa zingati, zingati zili ndi kachilombo. Manambalawo ankapita ku London.

Ntchito yaikulu yowerengera matenda inadzayamba mu 1979 ku Chilumba, m'boma la Karonga, kumene ofufuza za khate ankayenda khomo ndi khomo. Kuyambira 1986 anayesa katemera wa BCG pa anthu oposa 120,000. Apa mpamene zinaoneka kuti dokotala yekha sangathe. Banja likasamuka, mwana akapita kukakhala kwa agogo, ndani anakhaladi nyumba imodzi ndi wodwala? Funso looneka lapafupili ndilo Tobias Chirwa, Mmalawi, analimbana nalo pogwiritsa ntchito manambala a ku Karonga. Pambuyo pake anakhala pulofesa ku yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, n'kutsogolera SSACAB, mgwirizano wophunzitsa akatswiri a masamu a zaumoyo mu Africa.

Wina ndi Mavuto Mukaka, amene anagwirapo ntchito ku bungwe lofufuza zaumoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre. Mu 2012 analemba nkhani yaifupi mu Malawi Medical Journal yolangiza ofufuza mmene angayezere ngati zinthu ziwiri zikuyendera limodzi, ndipo ofufuza zikwizikwi padziko lonse akhala akuitchula m'zolemba zawo. Kenako anapita ku Bangkok, kukagwira ntchito zofufuza malungo pansi pa yunivesite ya Oxford. Kunyadira tinyadire, koma onse awiriwa anakakhwimira kunja, ndipo zimenezi siziyenera kutisangalatsa.

Kaodzera amawavutabe owerengera chifukwa odwala ndi ochepa. Poyesa mapiritsi a fexinidazole ku Rumphi ndi ku Lwala, Uganda, anapeza odwala 45 okha. Pa nambala yotere, munthu mmodzi akapanda kubwera kudzapimidwanso, zotsatira zimagwedezeka. Komabe mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linavomereza kuti mapiritsiwo angagwiritsidwe ntchito pa mtundu wa kaodzera umene uli kuno.