Mseu wa Tete mpaka Zóbuè

Nyengo ya cisanu yafika. Cimanga cili m'nkhokwe. Pa tsiku la ufulu, 25 Juni, tikwera basi kukaona abale ku Zóbuè.

Tiwoloka Zambezi pa mlatho umene unatsegulidwa mu 1973. Tipyola Moatize, kumene amakumba malasha. M'mbali mwa mseu amai akugulitsa malambe ndi masau.

Mseu uli ndi mbiri yace. Pa nthawi ya atsamunda, makolo athu analambula miseu ndi makasu, pa cibalo, mokakamizidwa. Pa nkhondo ya m'ma 1980, magalimoto anali kuyenda pamzere, asilikali akuwaperekeza. Ambiri sanafike kwao.

Mtendere unabwera mu 1992. Lero tiyenda opanda mantha. Tisaiwale manja amene anatsegula njira.