Chikhristu pakati pa zigafa za fodya ku Santhe

Uthenga Wabwino unafika ku Kasungu maesiteti a fodya asanabwere. Dr George Prentice wa mishoni ya Livingstonia anatsegula siteshoni kumeneko chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo m'zaka za m'ma 1920 ntchitoyo inapita m'manja mwa amishoni a Dutch Reformed a ku Nkhoma. Buku Lopatulika litatuluka mu 1922, mlimi wodziwa kuwerenga anayamba kudziwerengera yekha za Yobu. Ulaliki wa masiku amenewo unkatsindika kuti dziko lino linaonongeka ndi uchimo, choncho pirira, mphotho ili kumwamba.

Chiphunzitsochi chinayesedwa kwenikweni m'zaka za m'ma 1970, pamene minda ya ku Santhe, m'boma la Kasungu, ndi madera oyandikana nawo inasanduka maesiteti. Lamulo linkaletsa mlimi wamba kulima fodya wa bale, kotero amene ankafuna ndalama ya fodya ankakalowa utenanti. Ambiri anachokera kutali monga ku Mulanje ndi ku Thyolo. Chimanga, mchere, ngakhale khasu, ankatenga pangongole kwa bwana, ndipo mabelo akagulitsidwa ku okushoni, ena ankapezeka kuti chaka chonse agwirira ngongoleyo. Mwana akamwalira, abale ali kutali, ndani akanagona pa siwa? Anali amayi a Chigwirizano a CCAP, ndi Akatolika a m'miphakati imene Bishopu Patrick Kalilombe analimbikitsa mu dayosizi ya Lilongwe zaka zomwezo. Kwa ine, apa ndi pamene chikhulupiriro chinakhwimira: anthu osadziwana mtundu anaphunzira kusonkherana ufa ndi nkhuni, kuikirana maliro.

Koma ulaliki wa kupirirawo unkakomeranso bwana, tisabise. Tenanti wouzidwa kuti mavuto ndi mtanda wake sankafunsa kuona buku la ngongole. Zinasintha pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, kudandaula za malipiro ochepa, mitengo yotsika ya mbewu ndi kutsekedwa pakamwa kwa anthu. Akhristu anamva kuguwa kuti masautso ena amachita kupangidwa ndi anthu, ndipo kuwadzudzula si kuchimwa.

Kenaka Edzi inafala kwambiri, kunabweranso njala ya 2002 imene inasautsa Kasungu koopsa. Anthu anadya gaga ndi zitsa za nthochi, matenanti ena anachotsedwa m'maesiteti opanda kanthu m'manja. Mipingo inagawa phala ndi kusamalira odwala m'makomo, ntchito yotopetsa yopanda woombera m'manja.

Zaka zaposachedwa kwachuluka alaliki olonjeza kuti ukafesa mbewu ya ndalama, umphawi utha msanga. Anthu amawathamangira, ndipo sindiwaweruza, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Vuto n'lakuti fodya akamukana ku msika wa Chinkhoma, mlimi wotere amauzidwa kuti chikhulupiriro chake n'chochepa, n'kubwerera kwawo ndi ngongole komanso manyazi.

Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti, komabe mabanja ogwira ntchito mwa njira yakaleyo sanatheretu m'minda ya fodya. Abusa, ansembe ndi akulu a mpingo a ku Santhe, pitani ku zigafa nyengo yosankha fodya, mukapemphere nawo, mukafunsenso ngati alipidwa.