Kukana kuimba nyimbo ya fuko kusukulu

Nkhaniyi imabuka mwana akakana kuimba nyimbo ya fuko, kuchitira mbendera sailuti kapena kunena lumbiro la dziko, kawirikawiri chifukwa cha chipembedzo. Ambiri mwa ana otere ndi a Mboni za Yehova, omwe amaona miyamboyi ngati kulambira.

Ku South Africa, gawo 15 la malamulo aakulu a 1996 limateteza ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo. Mu February 2008, nduna ya zamaphunziro Naledi Pandor inalengeza lumbiro loti ana azinena m'mawa uliwonse, koma anthu ambiri analitsutsa.

Makolo a ku Umbilo, dera la mumzinda wa Durban, safunika kupita kutali kukafuna chitsanzo. Mu 2007, khoti loona za malamulo aakulu linagamula mlandu wa Pillay, wochokera pasukulu ya Durban Girls' High ku Glenwood, poyandikana ndi Umbilo pomwepo. Mtsikana wina wa pasukuluyo analetsedwa kuvala chipini chapamphuno. Woweruza wamkulu Pius Langa anati sukulu iyenera kulolera mwambo ndi chikhulupiriro cha mwana ngati kutero sikuipatsa mtolo wolemera. Mlanduwu sunali wa mbendera, komabe mfundo yake ndi imene mwana wokana kuimba angatsamirepo.

Ku Zambia zinayenda mosiyana: mu 1967, Feliya Kachasu, yemwe anaimitsidwa sukulu atakana kuimba ndi kuchitira mbendera sailuti, anagonja kukhoti lalikulu. Chaka chomwecho boma la Kamuzu Banda linaletsa mpingo wa Mboni m'Malawi, chiletso chomwe chinatha mu 1993.