Malimidwe, Makala ndi Funso Loti Alipire Ndani

Sabata ino tibwerere m'mbuyo pang'ono, tikaone kumene kunachokera ganizo lomwe mumalimva kawirikawiri akamakamba za kusintha kwa nyengo, loti boma lilowererepo ndi mphamvu ndipo katundu wolemera asenze ndi amene ali ndi chuma. Ganizoli amaliyankhula kwambiri ndi andale amene kunja amawatchula kuti a kumanzere. Dzinali lisakusokonezeni. Linayambira ku France mu 1789, pomwe aphungu ofuna kuchepetsa mphamvu za mfumu ankakhala kumanzere kwa wapampando, ofuna kuzisunga n'kukhala kumanja. Mpaka lero akati a kumanzere amanena aja amene amaima ndi apantchito ndi osauka, amene amati msika pawokha sungakonze zonse. Koma ine ndiyambira kumunda, chifukwa nkhani imeneyi ife inatifika kale kudzera pa khasu.

M'zaka za m'ma 1930, zigwa za pakati pa dziko la America, cha ku Oklahoma, Kansas ndi Texas, zinagwa m'chilala choopsa. Alimi anali atagalauza udzu wachilengedwe ndi mathirakitala n'kudzala tirigu paliponse. Mvula itadula, nthaka inatsala lambalamba ndipo mphepo inayamba kuinyamula. Pa 14 Epulo 1935 fumbi linaphimba dzuwa mpaka masana kunada ngati usiku. Tsoka limeneli amalitchula kuti Dust Bowl.

Pulezidenti wa nthawiyo, Franklin Roosevelt, anali atalowa m'boma mu 1933 ndi ndondomeko yotchedwa New Deal. Taonani zimene anachita. Anakhazikitsa gulu la Civilian Conservation Corps, lomwe pofika 1942 linali litalembapo ntchito anyamata pafupifupi 3 miliyoni. Ankadzala mitengo, kutseka zigwembe ndi kukonza misewu ya m'nkhalango. Malipiro anali madola 30 pamwezi, ndipo 25 mwa amenewo ankatumizidwa kwa makolo kumudzi. Mu 1935 boma linatsegula nthambi yoteteza nthaka motsogozedwa ndi Hugh Bennett, ndipo chaka chotsatira linakhazikitsa lamulo lolipira mlimi amene wavomera kulima mosamala nthaka. Mwamva bwino, eti? Mlimi ankalandira ndalama chifukwa choteteza munda wake womwe.

Sikuti zonse zinali zokoma ayi. Ndalama zambiri za ulimi za New Deal zinkagwera m'matumba a eni minda, ndipo alimi obwereka malo, ambiri mwa iwo anthu akuda a kum'mwera kwa dzikolo, anathamangitsidwa m'minda imene ankalima. Komabe mfundo inali itakhazikika: nthaka ikaonongeka ndi vuto la dziko lonse, ndiye dziko lonse lisonkhe.

Mbiri ya fumbi la ku America inafika m'maofesi a atsamunda a Britain, ndipo inawaopsa. Akayang'ana mapiri a Nyasaland ndi madzi ofiira a m'mitsinje nthawi ya dzinja, ankaona Dust Bowl ina ikubwera. Mu 1946 anakhazikitsa lamulo la zachilengedwe, ndipo njala ya 1949 itadutsa anamangitsa lamulolo kwambiri. Bwanamkubwa anali Geoffrey Colby, mkulu wa zaulimi m'zaka za m'ma 1950 anali Richard Kettlewell. Agogo athu zonsezi anangozipatsa dzina limodzi: malimidwe. Mlimi aliyense ankayenera kuunga mizere yopingasa, kukumba milambala, kuzula mapesi a thonje ndi fodya pa nthawi yoikika, ndi kusiya kulima m'mbali mwa mitsinje. Wolephera ankakokeredwa kubwalo la mfumu, kukalipira chindapusa kapena kukalowa ndende. Ena mbewu zawo zinkazulidwa iwo akuona.

Apa ndiye pali kusiyana kumene ndikufuna mukugwire. Nzeru yoteteza nthaka inaoloka nyanja, koma chikwama cha ndalama chinatsala ku America. Mlimi wa ku Kansas ankalipidwa, mlimi wa ku Ntcheu ankalipiritsidwa. Ndipo funso loti n'chifukwa chiyani anthu a ku Thyolo ndi ku Mulanje ankalima m'malo otsetsereka silinkafunsidwa mokweza, chifukwa yankho lake linali m'maesiteti: malo abwino anali m'manja mwa azungu ochepa, eni dziko atapanikizana m'mapiri kapena akugwira thangata.

Kuchigwa cha Shire zinafika pena. Kumeneko malo ndi athyathyathya, kotentha, ndipo alimi ankadziwa kuti mizere m'dothi lamchenga imaumitsa chinyezi msanga. Anakana, mpaka nthawi imeneyo imakumbukiridwa ngati nkhondo ya mitumbira. Ku Ntcheu, mu 1953, Inkosi Philip Gomani inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe, posonyeza kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Boma linaichotsa pampando. Inathawira ku Mozambique pamodzi ndi m'busa Michael Scott, inabwezedwa, ndipo inamwalira mu 1954. M'mwezi wa Ogasiti 1953 ku Thyolo kunabuka zipolowe zomwe zinafalikira m'maboma ena a kum'mwera, ndipo anthu 11 anaphedwa. Mkwiyo wa malo, wa thangata, wa chitaganya ndi wa malimidwe unali utasakanikirana m'mphika umodzi. A Nyasaland African Congress sanavutike kupeza otsatira m'midzi, chifukwa mlangizi wa boma anali atawakopera kale anthu.

Chisankho cha 1961 chitatha, Dr Kamuzu Banda anatenga unduna woona zachilengedwe, ndipo kukakamiza kuja kunathetsedwa. Chodabwitsa n'chakuti mizere sinathe. Yendani lero kuchokera ku Mzimba mpaka ku Thyolo, muona mizere pafupifupi m'munda uliwonse, popanda mesenjala woimirira ndi chikoti. Ndiye kuti m'madera ambiri nzeruyo inali yothandiza ndithu. Chimene anthu ankakana ndi kusenzetsedwa katundu yense okha, ndi munthu amene sanawafunse ndipo anawalanda kale malo.

Tsopano tidumphe zaka, tibwerere ku America. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunali mtsogoleri wina wa bungwe la anthu ogwira ntchito m'mafakitale a mafuta ndi mankhwala, dzina lake Tony Mazzocchi. Mamembala ake ankadana ndi omenyera zachilengedwe, poti fakitale ikatsekedwa chifukwa choipitsa mpweya, amene ankagona ndi njala ndi iwowo. Mazzocchi sanakane kuti mafakitale ena ayenera kutsekedwa. Anangoti, ngati boma lili ndi thumba la ndalama zoyeretsera dothi loipitsidwa, bwanji lisakhalenso ndi thumba losamalira munthu amene ntchito yake yatha? Apa ndi pamene panamera mfundo yoti kusiya malasha ndi mafuta kuchitike mwachilungamo, wantchito asatayidwe panjira. Mu 2015 mfundoyi inalowa m'mawu oyamba a pangano la ku Paris. Mu Febuluwale 2019 aphungu awiri, Alexandria Ocasio-Cortez ndi Ed Markey, anabweretsa chikalata cha Green New Deal, dzina lokumbutsa dala za Roosevelt: boma liike ndalama zambiri m'magetsi a dzuwa ndi mphepo, ndipo aliyense wofuna ntchito aipeze. Chikalatacho sichinadutse m'nyumba ya Senate, koma chinasintha kakambidwe ka nkhaniyi.

Dziko la France linaphunzira phunziro la malimidwe mwa njira yake. Boma la Emmanuel Macron linakweza msonkho wa petulo ndi dizilo ponena kuti likuteteza nyengo, chonsecho chaka chomwecho linali litachotsa mbali yaikulu ya msonkho wa chuma cha anthu olemera. Amene anamva kuwawa ndi a m'matauni ang'onoang'ono ndi kumidzi, kumene kulibe sitima kapena basi yodalirika ndipo popanda galimoto sufika kuntchito. Pa 17 Novembala 2018 anthu oposa 280,000 anatseka misewu atavala majekete achikasu. Pofika Disembala boma linasiya kukweza kumene linakonzera chaka chotsatira. Agogo a ku Ntcheu akanamva nkhaniyi sakanafuna wowamasulira.

Funso lomweli limafunsidwanso pakati pa mayiko. Africa yense amatulutsa mpweya wa kaboni wosafika magawo 4 pa 100 aliwonse a mpweya wotere padziko lapansi, koma anamondwe sasankha. Mu 1991 kadziko ka zilumba ka Vanuatu kanapempha kuti pakhale thumba lolipira mayiko oonongekedwa ndi kukwera kwa nyanja. Panatha zaka 31 kuti mayiko avomere thumba lotere, ku Sharm el-Sheikh mu 2022. Chaka chotsatira ku Dubai mayiko olemera analonjeza ndalama pafupifupi madola 700 miliyoni. Kumbukirani kuti mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anatipha anthu oposa 1,000, kuwerengera ndi amene sanapezeke, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Kafukufuku wa boma ndi mabungwe othandiza anapeza kuti kukonzanso zimene Freddy anaononga m'Malawi mokha kukufunika madola pafupifupi 680 miliyoni. Ikani manambala awiriwo pambali. Zimene zinalonjezedwa dziko lonse lapansi zikungokwana namondwe mmodzi m'dziko limodzi laling'ono. Pamenepa a kumanzere akanena kuti iyi ndi ngongole osati chifundo, ine sindipeza powatsutsa.

Koma musaganize kuti ndabwera kudzawaombera m'manja basi. Iwo amakonda kunena kuti yankho ndi boma lamphamvu, ndipo mbiri ili ndi chenjezo pa zimenezo. Boma la Soviet Union, lomwe linkadzitcha la apantchito, kuyambira zaka za m'ma 1960 linapatutsa mitsinje ya Amu Darya ndi Syr Darya kuti lithirire thonje. Nyanja ya Aral, imene inali yachinayi kukula padziko lonse, inaphwa mpaka maboti a asodzi a ku Moynaq anatsala pamchenga. Inu amene munaona Chilwa itauma mu 1995 kapena 2018 mukudziwa chisoni chake, koma Chilwa imabwerera, pomwe mbali yaikulu ya Aral sinabwerere. Asodzi aja palibe anawafunsa. Ndipo malimidwe nawonso, pajatu, anali boma lamphamvu. Ndiye kungonena kuti boma lichitepo kanthu sikokwanira. Tiyenera kufunsa kuti mphamvuyo ikutsamira pa msana wa ndani, ndipo mwini msanayo ali ndi pakamwa poyankhulira kapena ayi.

Tifike pakhomo tsopano, pa thumba la makala lomwe lili kukhitchini kwanu ndi kwanga. Mabanja oposa 9 pa 10 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Mu 2020 aphungu anasintha lamulo la nkhalango la 1997 n'kukhwimitsa zilango kwa ootcha, onyamula ndi ogulitsa makala opanda chilolezo. Chifukwa chake n'chomveka, ndipo aliyense amene anaona matope ndi miyala zikutsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe sanganene kuti mitengo ilibe ntchito. Koma taganizirani za bambo uja mumakumana naye m'mamawa akukankha njinga ya matumba atatu kulowera m'tauni. Akagwidwa, makala apita, njinga yapita. Amene amagula makalawo ndi ife a m'tauni, ndipo tinagula ochuluka zedi namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Gasi ndi wodula, magetsi afika m'nyumba zochepa. Bambo uja akasiya makala lero, mawa ana adya chiyani, ndipo inu muphikira chiyani?

Roosevelt anayankha funso lotere polemba anyamata ntchito yodzala mitengo. Colby analiyankha ndi chindapusa. Ife tili ndi njira zonse ziwiri patsogolo pathu, ndipo yoyambayo siyachilendo kwenikweni, chifukwa ntchito za m'midzi zolipidwa ndi boma tinaziona kale kuyambira nthawi ya MASAF. Zimafuna ndalama, inde, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya makala ndi nkhani ya thumba la ku Dubai zili chingwe chimodzi. Boma limene likupempha chilungamo kwa mayiko olemera liyeneranso kuchita chilungamo chomwecho kwa wa njinga uja, apo ayi tikhala tikubwereza za 1953 ndi mayunifolomu atsopano.

Ngati muli ndi agogo amene anabadwa cha m'ma 1930 kapena kumayambiriro kwa m'ma 1940, musachedwe. Akhazikeni pansi sabata ino muwafunse za malimidwe: ndani ankayeza mizere, chindapusa chinali chotani, ndani anamangidwa m'mudzi mwanu. Mulembe zimene akuuzeni, ndi dzina la mudzi ndi chaka ngati akukumbukira, mudzatigawireko muno. Anthu amenewa atsala ochepa, ndipo zambiri zimene akudziwa sizinalembedwe m'buku lililonse.